Mmene ofufuza adaphunzirira kusunga magwero ndi kugawana deta pa intaneti

Pa 30 Epulo 1993, bungwe la CERN la ku Geneva lidalengeza kuti luso la World Wide Web ndi la aliyense, ndipo palibe amene azilipira poligwiritsa ntchito. Chaka chomwecho, ana a kalasi yoyamba m'masukulu ochepa a m'zigawo za Tete ndi Gaza adayamba kuphunzira kuwerenga ndi kulemba m'Chinyanja ndi m'Chichangana, pa ntchito yoyeserera ya PEBIMO yomwe inkayendetsedwa ndi INDE. Ntchitoyo idatha mu 1997. Munthu amene lero akufuna kudziwa zimene zidachitika m'makalasi amenewo savutika kupeza nkhani ya Chingerezi yomwe a Carol Benson adasindikiza mu 2000 m'magazini ya International Journal of Bilingual Education and Bilingualism. Koma malipoti a Chipwitikizi a zaka zimenezo, omwe ankatayipidwa n'kuchulukitsidwa makope owerengeka, munthu amangowadziwira pa mindandanda ya kumapeto kwa mabuku a ena. Kuti awagwire m'manja, ayenera kudziwa amene ali ndi kope.

Kusiyana kumeneku kudachokera ku zida zimene ofufuza adapanga pofuna kuyankha mafunso awiri akalekale: mawu awa adanena ndani, nanga umboni wake uli kuti? Zida za funso loyamba ndi za funso lachiwiri zidakula padera kwa zaka zambiri, ndipo zidadzakumana mochedwa, cha m'ma 2009.

Bokosi la makadi ndi timapepala ta maloya

Makompyuta asanafale, chuma cha wofufuza chidali bokosi la makadi. Khadi lililonse linkaimira buku limodzi kapena nkhani imodzi: dzina la wolemba, chaka, mutu, kumene adasindikizira, ndi masamba. Akamaliza kulemba nkhani yake, ankasanja makadiwo n'kutayipa mndandanda wa magwero. Magazini ikaikana nkhaniyo, iye n'kuitumiza kwina, ankatayipanso mndandanda wonse, popeza magazini iliyonse ili ndi kalembedwe kake: ina imafuna chaka chibwere pambuyo pa dzina, ina kumapeto, ina imafuna manambala okhaokha. Vuto lalikulu la bokosilo lidali lakuti linkangoyang'ana kumbuyo. Linkasonyeza zimene wolemba adawerenga, koma silinkanena amene adabwera pambuyo pake kudzamuvomereza kapena kudzamutsutsa.

Amene adayamba kulimbana ndi vutoli adali maloya a ku America, chifukwa kwa iwo nkhaniyi idali ya kupambana kapena kuluza mlandu. Loya akatchula chigamulo chakale chomwe khoti lina lidachigwetsa kale, amachita manyazi pamaso pa woweruza. Mu 1873, a Frank Shepard a ku Chicago adayamba kugulitsa timapepala tomata tomwe loya ankamata m'buku la milandu, tosonyeza milandu yatsopano imene idatchula chigamulo chilichonse. Patapita zaka 80, mu 1953, a William Adair, omwe adagwirapo ntchito pa udindo waukulu ku kampani ya Shepard, adalembera kalata mnyamata wina wophunzira za kemisitiri, dzina lake Eugene Garfield, kumufotokozera mmene njirayo imayendera. Mu 1955 a Garfield adalemba m'magazini ya Science kuti asayansi nawonso akufunika mndandanda wotere. Adakhazikitsa Institute for Scientific Information ku Philadelphia mu 1960, ndipo kuyambira 1964 buku la Science Citation Index lidayamba kutuluka chaka ndi chaka.

Apa m'pamene padayambira chinthu chomwe chikuvutitsabe ofufuza a ku Africa. A Garfield sakadatha kulemba magazini onse a padziko, choncho adasankhapo. Poyamba adali magazini pafupifupi 600, ochuluka ake a Chingerezi, ochokera ku America ndi ku Ulaya. Kusankhako kudali kwa ndalama ndi kwa manja ogwira ntchito, koma posakhalitsa mayunivesite adayamba kuutenga mndandandawo ngati sikelo yoyezera kulemera kwa wofufuza. Kuyambira 1975 bungwelo lidayamba kusindikiza nambala ya magazini iliyonse yosonyeza kuti nkhani zake zimatchulidwa kangati. Lipoti lolembedwa m'Chipwitikizi ku Maputo, ngakhale litawerengedwa ndi aphunzitsi mazana, pa sikelo imeneyi silinkalemera kanthu. Science Citation Index idalowa pa intaneti mu 1997 ndi dzina loti Web of Science, Scopus ndi Google Scholar zidabwera mu 2004, koma chizolowezi choyeza ntchito powerenga kangati yatchulidwa chidangosamuka nacho.

Ntchito yotayipa mindandanda ija idapepuka m'zaka za m'ma 1980, kompyuta itafika pa tebulo la munthu mmodzi. Mu 1985 a Oren Patashnik ndi a Leslie Lamport adakonza BibTeX, ndipo cha kumapeto kwa zakazo padabwera EndNote. Nzeru yake idali imodzi: gwero lilembedwe kamodzi kokha, dzina pakepake, chaka pakepake, mutu pakepake, kenaka pulogalamu izilivala chovala cha magazini iliyonse imene wolemba wasankha. Kampani ina ya nthawiyo, Research Information Systems, yomwe inkagulitsa Reference Manager, idasiya mtundu wa fayilo womwe mpaka pano umadziwika ndi zilembo zoyambirira za dzina lake, RIS. Mafayilo a BibTeX ndi a RIS ndi malemba wamba, oti munthu angathe kuwatsegula n'kuwawerenga ndi maso. Pa nthawiyo palibe amene ankaona kuti kuphweka kumeneku n'kofunika.

Mawu a ana ndi amene adatsogola

Mbiri ya kugawana deta nthawi zambiri imayambira kwa akatswiri a fizikisi, makamaka pa arXiv, nkhokwe yomwe a Paul Ginsparg adatsegula ku Los Alamos mu 1991. Koma arXiv inkagawa nkhani zolembedwa, osati umboni umene udabala nkhanizo. Pa kugawana umboni weniweniwo, ofufuza za chikhalidwe cha anthu ndi za zilankhulo adali patsogolo. Ku University of Michigan kudali kale nkhokwe ya ICPSR kuyambira 1962, yosunga zotsatira za zisankho ndi mayankho a mafunso ofunsa anthu ambiri, ndipo ku University of Essex kudatsegulidwa ina mu 1967.

Chitsanzo choyandikira kwambiri ntchito ya maphunziro a zilankhulo ziwiri ndi cha ofufuza za mmene ana amaphunzirira kulankhula. M'zaka za m'ma 1960, a Roger Brown a ku Harvard adajambula mawu a ana atatu kwa miyezi yambiri, nawapatsa mayina ongopeka akuti Adam, Eve ndi Sarah pofuna kuwabisa. Zimene anawo adalankhula zidatayipidwa, zidachulukitsidwa pa makina, ndipo makope adatumizidwa kwa ofufuza ena. Ola limodzi la kucheza kwa mwana ndi mayi ake limatenga maola ambiri kuti lilembedwe bwino, ndiye kudali kuwononga kuti ntchito yonseyo ithere m'kabati ya munthu mmodzi. Mu 1984 a Brian MacWhinney ndi a Catherine Snow adakhazikitsa CHILDES, nkhokwe yosonkhanitsa zolemba zoterezi, yomwe likulu lake lili ku Carnegie Mellon University. Muli ndithu ndi chilankhulo cha Chibantu: mawu a ana olankhula Chisotho omwe a Katherine Demuth adajambula ku mapiri a Lesotho kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980.

CHILDES idakhazikitsa malamulo awiri omwe nkhokwe zina zidadzawazindikira patapita zaka makumi awiri. Loyamba lidali lakuti onse alembe mofanana, pogwiritsa ntchito kalembedwe kotchedwa CHAT, kuti pulogalamu imodzi ithe kuwerenga zolemba za Chisotho, za Chijapanizi ndi za Chisipanishi. Lachiwiri lidali lakuti aliyense wogwiritsa ntchito deta ya mnzake atchule mwini wake m'nkhani imene walemba. Lamulo lachiwirili ndi limene lidachititsa anthu kumasula manja. Wofufuza amene wakhala zaka ziwiri kumudzi ndi tepi sapereka zokolola zake chifukwa cha mtima wabwino wokha. Amapereka akadziwa kuti dzina lake lidzayenda nazo.

Intaneti itafala, kutchula gwero kudaoneka ngati kwaphweka, popeza munthu ankangokopera adiresi ya tsamba. Koma adiresi imanena pamene chinthu chili lero. Yunivesite ikasintha seva, kapena ntchito ikatha ndalama, adiresiyo imatsala ikuloza m'malere. Mu 2014 a Jonathan Zittrain, a Kendra Albert ndi a Lawrence Lessig adayesa maadiresi otchulidwa m'zolemba za malamulo ndipo adapeza kuti oposa 70 pa 100 alionse m'magazini omwe adawaona, ndi theka la omwe adali m'zigamulo za khoti lalikulu la America, sankafikitsanso munthu pa zimene wolemba adatchula. Adzukulu a ntchito ya a Shepard adabwereranso pa vuto la agogo awo.

Osindikiza mabuku adali ataliona kale vutoli. Mu 1997, pa chionetsero cha mabuku cha ku Frankfurt, adaonetsa nambala yotchedwa DOI, ndipo mu 2000 bungwe la Crossref lidayamba kupereka manambalawa ku nkhani za m'magazini. DOI iliyonse imayamba ndi 10, kenaka nambala ya amene wailembetsa, kenaka mzere wopendekera, ndi zilembo zoimira nkhaniyo. Nambalayi sisintha. Nkhani ikasamuka, wosindikiza amangokonza m'kaundula kuti nambala yakuti tsopano iziloza kwakuti, monga munthu amasamukira mudzi wina koma nambala ya chitupa chake n'kukhala yomweyo. Pamodzi ndi nambalayo, m'kaundulamo mumasungidwa dzina la wolemba, mutu ndi chaka, ndiye chifukwa chake pulogalamu ya masiku ano ikapatsidwa DOI yokha imadzaza khadi lonse payokha. Nkhani ya a Benson ili m'magazini ya wosindikiza amene amalembetsa ma DOI. Malipoti a mabungwe a boma ndi a mapulojekiti adatsalira kunja kwa kaundulayu, pakuti kulembetsa kunkafuna umembala ndi ndalama.

Zida zimene zidafa ndi zimene zidagulidwa

Kumapeto kwa 2004 kudabadwa zida ziwiri zomwe zidasamutsa bokosi la makadi kulipititsa pa intaneti: CiteULike ya a Richard Cameron, ndi Connotea ya kampani yosindikiza magazini ya Nature. Zonse zidali zaulere. Munthu ankasunga magwero ake pa tsamba lawo, n'kumaona zimene anzake akuwerenga. Connotea idatsekedwa mu Marichi 2013, CiteULike mu Marichi 2019. Amene adamva chilengezo nthawi ikadalipo adapulumutsa mindandanda yawo poitulutsa ngati mafayilo a BibTeX kapena a RIS. Mafayilo osaoneka bwino aja a m'ma 1980 ndi amene adanyamula katundu wa zida zamakono zitagwa.

Zotero idatuluka mu Okutobala 2006 kuchokera ku Center for History and New Media ya George Mason University ku Virginia. Adaipanga ndi akatswiri a mbiri yakale, anthu ozolowera magwero osokonekera monga makalata, zithunzi ndi malipoti opanda dzina la wolemba, ndipo dzina lake lidachokera ku mawu a Chialubaniya otanthauza kudziwa chinthu bwinobwino. Malamulo ake a mkati adali poyera kuti aliyense awaone ndi kuwakonza. Mu 2008 kampani ya Thomson Reuters, yomwe panthawiyo idali mwini wa EndNote komanso wa mndandanda wa a Garfield uja, idasuma kukhoti kufuna madola 10 miliyoni, ponena kuti Zotero idaphwanya pangano popanga njira yosinthira mafayilo a kalembedwe a EndNote. Khoti lidauthetsa mlanduwo mu Juni 2009. Chimene ankalimbirana kwenikweni chidali khomo lotulukira: ngati munthu angathe kuchoka pa pulogalamu ina kupita pa inzake atanyamula ntchito yake yonse.

Mendeley idayenda njira ina. Adaiyambitsa ku London anyamata atatu a ku Germany, a Victor Henning, a Jan Reichelt ndi a Paul Föckler, ndipo ofufuza ambiri adaikonda chifukwa inkawerenga yokha mafayilo a PDF n'kudzaza makadi. Mu Epulo 2013 idagulidwa ndi Elsevier, kampani yomwe ofufuza zikwizikwi adali atainyanyala chaka cham'mbuyo mwake chifukwa cha kukwera mtengo kwa magazini ake. Mu 2018 pulogalamuyo idayamba kukiya nkhokwe imene imakhala pa kompyuta ya mwini wake, moti zida zina sizinkathanso kuiwerenga mwachindunji, ndipo mu Seputembala 2022 pulogalamu yakale ya Mendeley Desktop idasiya kuperekedwa kwa ofuna kuiika mwatsopano. Palibe lamulo limene kampaniyo idaphwanya. Chida chaulere cha kampani chimatsata zofuna za kampani, ndipo wofufuza amene adaunjikamo zaka khumi za zowerenga zake amadzazindikira zimenezi tsiku losamuka.

Nthawi yonseyi, umboni wa pansi pa nkhani zosindikizidwa unkatayika mwakachetechete. Mu 2006 a Jelte Wicherts ndi anzawo a ku Amsterdam adapempha deta ya nkhani 141 za m'magazini a American Psychological Association, bungwe lomwe malamulo ake amati olemba azigawana deta. Olemba 73 pa 100 alionse sadapereke. Mu 2014 a Timothy Vines ndi anzawo adachita chimodzimodzi ndi nkhani 516 za bayoloje zosindikizidwa pakati pa 1991 ndi 2011, ndipo adapeza kuti mwayi woti deta ikadalipo unkatsika ndi 17 peresenti chaka chilichonse. Zifukwa zake sizidali za chinyengo. Maadiresi a imelo adali atafa, ndipo mafayilo adali pa madisiki akale omwe palibenso kompyuta yowawerenga.

Njira ziwiri zija zidakumana mu Disembala 2009, pamene malaibulale akuluakulu ndi mabungwe osunga deta adakhazikitsa DataCite ku London kuti deta nayo izilandira DOI. Kuyambira pamenepo, tebulo la zotsatira za mayeso kapena fayilo ya mawu ojambulidwa idatha kutchulidwa pa mndandanda wa magwero mofanana ndi buku. Lamulo lachiwiri la CHILDES lidasanduka la onse. Nkhokwe zidachuluka msanga: Dataverse ya ku Harvard, Dryad, Figshare ya a Mark Hahnel mu 2011, ndi Zenodo mu Meyi 2013, yoyendetsedwa ndi CERN yomwe ija, ndipo idatchedwa dzinalo pokumbukira Zenodotus, woyang'anira woyamba wa laibulale yakale ya ku Alexandria. Mu Okutobala 2012 ORCID idayamba kupereka nambala ya manambala 16 kwa wofufuza aliyense. Kwa anthu a mayina aatali a Chipwitikizi, omwe magazini ina imawadula pena ndipo ina imawadula penanso, nambalayi imasonkhanitsa ntchito za munthu mmodzi zomwe makompyuta ankaziona ngati za anthu atatu.

Ku Mozambique zida zimenezi zidafika pa liwiro la mawaya. Imelo idayambira pa likulu la makompyuta la Universidade Eduardo Mondlane kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, koma chingwe cha pansi pa nyanja cha SEACOM chidayamba kugwira ntchito ku Maputo mu Julayi 2009, ndipo cha EASSy mu 2010. Apa n'kuti maphunziro a zilankhulo ziwiri atayamba kale m'masukulu a boma mu 2003, m'zilankhulo 16. Zaka zoyambirira za ntchitoyi, zomwe ndi zofunika kwambiri pa mbiri yake, zidalembedwa pa nthawi imene kutumiza fayilo ya mawu kuchokera ku Ulónguè kapena ku Metangula kudali kovuta kuposa kuinyamula pa basi. M'zaka zotsatira, yunivesiteyo ndi masukulu ena adatsegula nkhokwe yotchedwa SABER, yoyendera DSpace, pulogalamu yomwe MIT ndi Hewlett-Packard adatulutsa mu 2002. Mwa zida zosungira magwero, Zotero ili ndi khalidwe lomwe limayenera malo a netiweki yodukaduka: imasunga zonse pa kompyuta ya mwini wake ndipo imagwira ntchito popanda intaneti, n'kudzatumiza zosintha netiweki ikabwera.

Mu 2016 gulu la akatswiri lidasindikiza mfundo zotchedwa FAIR, zonena kuti deta ikhale yopezeka, yofikirika, yowerengeka ndi mapulogalamu osiyanasiyana, ndiponso yotheka kuigwiritsanso ntchito. Ambiri adazimva ngati lamulo loti chilichonse chiikidwe poyera, koma mfundozo sizinena zimenezo. Zimalola kuti khadi lofotokoza deta likhale poyera pamene deta yeniyeniyo ili yokiya. Kwa ofufuza a m'makalasi kusiyanitsa kumeneku n'kwakukulu. Dzina longopeka lidakwanira kubisa Adam ndi Eve chifukwa adali mawu a pa pepala. Kanema wa kalasi yachitatu ku Angónia amaonetsa nkhope, ndipo m'boma lomwe lili ndi masukulu ochepa ophunzitsa m'Chinyanja, mphunzitsi amadziwika ngakhale dzina litafufutidwa. Makolo amene adavomera kuti mwana wawo ajambulidwe ndi mlendo mmodzi sadavomere kuti dziko lonse limuonere. Mu 2019 bungwe la Global Indigenous Data Alliance lidatulutsa mfundo zina, zotchedwa CARE, zokumbutsa kuti anthu amene deta idatengedwa kwa iwo ali ndi mawu pa kagwiritsidwe kake, ndipo ayenera kupindula nayo.

Palinso vuto lina laling'ono lomwe a Garfield sadakumane nalo, la dzina la chilankhulo. Misonkhano ya NELIMO yokonza kalembedwe ka zilankhulo za m'Mozambique, yomwe idachitika mu 1988, 1999 ndi 2008, imalemba Cinyanja. Ku Malawi dzina lidasinthidwa mu 1968 kuchoka pa Chinyanja kukhala Chichewa. Olemba Chingerezi amati Nyanja kapena Chewa, olemba Chipwitikizi akale ankati Nianja, ndipo akatswiri a zilankhulo amachiika pa N.31 m'magulu a Guthrie. Wofufuza wa ku Zomba akasaka mawu oti Chichewa sapeza ntchito ya mnzake wa ku Tete yomwe idalembedwa kuti Cinyanja, ngakhale onse akufufuza za ana olankhula chilankhulo chimodzi. Mayina onsewa ali ndi chizindikiro chimodzi mu ISO 639-3, chomwe ndi nya.

Zenodo imalandira malipoti, matebulo, mawu ojambulidwa ndi mabuku a ana, mpaka 50 GB pa chinthu chimodzi, m'chilankhulo chilichonse. Imapereka DOI popanda malipiro ndiponso popanda kufunsa ngati munthuyo ali pa yunivesite, ndipo imalola kukiya mafayilo khadi lokha n'kukhala poyera. Lipoti lotayipidwa mu 1996, eni ake akavomera, likhoza kujambulidwa tsamba ndi tsamba n'kulandira nambala yofanana ndi ya nkhani ya m'magazini ya ku London. Pa fomu yake pali bokosi la chilankhulo lomwe silikakamiza munthu kulidzaza, ndipo ambiri amalidumpha. Wolembamo nya amapeza kuti chilankhulocho chilimo kale pa mndandanda.